Magalimoto akale a rally okhala ndi turbo: mafunso ndi mayankho

Aliyense wokonda magalimotowa amakumana ndi mafunso omwewomwewo, kaya ndi kugaraja, kaya ndi m'mbali mwa msewu pamene Subaru yabuluu yangodutsa ikulindima. Tasonkhanitsa amene amabwera kawirikawiri, kuyambira ophweka mpaka a munthu amene akufuna kugula yake.

Kodi rally ndi mpikisano wamtundu wanji?

Pa rally magalimoto sathamangira limodzi pabwalo lozungulira. Amanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo chimene dalaivala akulimbana nacho ndi wotchi. Njira imadulidwa m'zigawo zotchedwa masiteji. Imeneyi imakhala misewu yeniyeni, yafumbi, yamiyala, yaphula kapena yachipale, imene aitseka kwa kanthawi. Wopambana ndi amene nthawi yake yonse, akaiphatikiza, ndi yochepa kuposa ya anzake.

M'galimoto mumakhala anthu awiri: dalaivala ndi mnzake wowerenga njira. Wachiwiriyu amakhala ndi kabuku momwe analembamo kona iliyonse, chitunda chilichonse ndi dzenje lililonse, ndipo amamuuza dalaivala zimene zili kutsogolo iye asanazione. Pochoka pa siteji ina kupita pa ina, galimoto imayenda mumsewu wa anthu onse, ndi nambala yake, magetsi ake ndi mapepala ake. Choncho galimoto ya rally imayenera kukhala yololedwa pamsewu, ndipo apa ndi pamene pali gwero la nkhani yonse. Chikho cha dziko lonse lapansi, World Rally Championship (WRC), chinayamba mu 1973 kwa makampani, ndipo cha madalaivala chinabwera mu 1979.

Nanga turbo imagwira ntchito bwanji?

Injini imapeza mphamvu potentha petulo pamodzi ndi mpweya. Petulo mutha kuthira wochuluka momwe mungafunire, koma mpweya ukachepa sapsa. Turbo ndiye mvukuto wa injini: monga wosula zitsulo amavukuta kuti makala akolele, turbo imakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mkati mwake muli mafani awiri aang'ono olumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza fani yoyamba, ndipo yachiwiri imakoka mpweya wakunja n'kuupanikiza. Mafaniwa amazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi. Nzeruyi ndi yakale, chifukwa Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905.

Pali zida zina ziwiri zimene mudzazimva nthawi zonse. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndiye umadutsa kaye mu intercooler kuti uzizire. Wastegate ndi kachitseko kamene kamatayitsa utsi wina kuti turbo isapanikize mpweya mopyola muyeso. Kupanikiza kumeneko ndiko amakaniko amati boost.

Turbo zakale zinali ndi khalidwe lake. Mukaponda moto injini ikuzungulira pang'onopang'ono, palibe chimene chimachitika, chifukwa utsi ndi wochepa. Pakapita sekondi imodzi kapena ziwiri mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi, msana n'kumamatira kumpando. Mainjiniya ankakuona ngati chilema kuchedwa kumeneku, koma eni ake ambiri a magalimoto akalewa ndi chimene amachikonda kwambiri.

N'chifukwa chiyani makampani ankagulitsa magalimoto ampikisano kwa anthu wamba?

Ankachita kukakamizidwa ndi lamulo. Bungwe loyendetsa mipikisano, FISA panthawiyo ndipo kenako FIA, silinkalola galimoto kulowa rally ngati kampani sinapange zina zofanana nayo zogulitsa. Chilolezo chimenechi amati homologation. Magalimoto ampikisano ankagawidwa m'magulu, lililonse ndi malamulo ake. Mu Group B ankafuna magalimoto 200 pa miyezi 12. Mu Group A ankafuna 5,000, ndipo mu 1993 anatsitsa kufika pa 2,500.

Zotsatira zake zinali zokoma kwa wogula. Ngati timu ikufuna turbo yaikulu, phiko lalikulu kumbuyo, matayala otalikirana kapena kachipangizo kowaza madzi pa intercooler, kampani imayenera kuika zinthuzo pa galimoto ya m'shopu. Ndiye munthu wogwira ntchito muofesi amatha kugula galimoto yazitseko zinayi, yonyamula ana ndi katundu wakumsika, koma imene mafupa ake anapangidwira nkhalango za ku Finland. Chiboo cha pa boneti ya Subaru Impreza, phiko la Ford Escort Cosworth ndi zotupa za m'mbali mwa Lancia Delta Integrale sizokongoletsera. Chilichonse chilipo chifukwa injiniya wina ankachifuna pa siteji.

Ndi galimoto iti inayambitsa zonsezi?

Turbo yoyamba kupambana mpikisano wa WRC inali Saab 99 Turbo, imene Stig Blomqvist anayendetsa ku Sweden mu 1979. Renault anatenga kagalimoto kawo ka m'tauni, Renault 5, n'kuchotsa mipando yakumbuyo n'kuikapo injini ya malita 1.4 yokhala ndi turbo. Jean Ragnotti anapambana nako Monte Carlo mu 1981.

Koma imene inatembenuza zinthu ndi Audi Quattro. Injiniya wina wa kampaniyi, Jörg Bensinger, anaona momwe Volkswagen Iltis, galimoto ya asilikali yokoka ndi matayala onse anayi, inkasiyira magalimoto amphamvu kuposa iyo pachipale. Anadzifunsa chimene chingachitike atazichita pa galimoto yaliwiro. Quattro inaonetsedwa ku Geneva mu 1980, ili ndi masilinda asanu, malita 2.1 ndi mahosipawa 200. Makampani ena ankati zida zokokera matayala anayi ndi zolemera ndipo zizingowonongeka. Hannu Mikkola anawatseka pakamwa popambana ku Sweden mu 1981, ndipo chaka chomwecho Michèle Mouton, ali ndi Fabrizia Pons pampando wowerenga njira, anapambana Sanremo n'kukhala mayi woyamba kupambana mpikisano wa WRC. Mu 1982 Mouton anapambana ku Portugal, Greece ndi Brazil, ndipo anamaliza chaka ali wachiwiri kwa Walter Röhrl. Mikkola anatenga chikho mu 1983, Blomqvist mu 1984. Lancia 037 ya 1983 ndiyo galimoto yomaliza yokoka ndi matayala awiri kupatsa kampani chikho cha dziko lonse.

Group B inali chiyani, ndipo inathetsedwa chifukwa chiyani?

Inali gulu la malamulo limene linagwira ntchito kuyambira 1982 mpaka 1986. Linkafuna magalimoto 200 okha, komanso kampani inkaloledwa kupanga ena 20 okonzedwanso kuti akhale amphamvu kwambiri. Boost inalibe malire. Peugeot, motsogozedwa ndi Jean Todt, anamvetsa msanga kuti malamulowa akulola kupanga galimoto yampikisano yeniyeni n'kungoiveka chikopa chofanana ndi ya m'tauni. 205 Turbo 16 inali ndi injini pakati, inkakoka ndi matayala anayi, ndipo sinkakwana tani imodzi. Timo Salonen anatenga nayo chikho mu 1985, Juha Kankkunen mu 1986. Lancia anayankha ndi Delta S4, ya malita 1.8, imene inali ndi turbo komanso supercharger, mvukuto wina woyendetsedwa ndi injini osati utsi, kuti mphamvu ikhalepo turbo isanadzuke. Audi anafupikitsa Quattro ndi masentimita pafupifupi 32, n'kumaliza ndi S1 yamapiko ponseponse. Ford anabweretsa RS200. Pofika 1986 magalimoto otsogola anali ndi mahosipawa pakati pa 450 ndi kupyola 500.

Mphamvu zinakula mofulumira kuposa chitetezo. Owonerera, makamaka ku Portugal, ankaima pakati pa msewu n'kumapatuka galimoto itatsala pang'ono kufika. Dalaivala wa Lancia Attilio Bettega anafa ku Corsica mu May 1985. Ari Vatanen anatsala pang'ono kufa ku Argentina chaka chomwecho. Mu March 1986, pafupi ndi Sintra ku Portugal, RS200 ya Joaquim Santos inalowa m'gulu la anthu, atatu anafa ndipo ena pafupifupi 30 anavulala. Madalaivala a matimu akuluakulu anakana kupitiriza mpikisanowo. Kenako pa 2 May 1986, Henri Toivonen, ali patsogolo ku Corsica, anagwera kuphompho ndi Delta S4. Galimoto inayaka, ndipo iye ndi wowerenga njira wake Sergio Cresto anafera momwemo. Pasanathe maola ambiri, mtsogoleri wa FISA Jean-Marie Balestre analengeza kuti Group B itha chakacho chikamatha.

Anthu ena amakamba za nthawiyi ngati kuti inaphedwa ndi mantha a akuluakulu a m'maofesi. Sitigwirizana nawo. Magalimotowo anali odabwitsa, koma matanki a petulo ena anali pansi pa mipando, masiteji anali ataliatali, ndipo anthu ankafa.

Kodi magalimoto a Group B ogulitsidwa kwa anthu anali abwino kuyendetsa?

Ambiri ayi. Anapangidwa kuti chiwerengero cha 200 chikwane. Peugeot 205 T16 yapamsewu inali ndi mahosipawa pafupifupi 200, osakwana theka la yampikisano, ndipo injini inali kuseri kwa makutu a dalaivala ndi phokoso lake ndi kutentha kwake. RS200 inali ndi galasi lakutsogolo ndi magetsi akumbuyo a Ford Sierra, kalachi yolimba, ndipo Group B itatha kampani inavutika kuigulitsa. Audi Sport Quattro, ya mahosipawa 306, ndiyo inamalizidwa bwino kuposa zonse, koma mtengo wake unali woti ochepa okha akanaufikira. Lero magalimotowa ali m'manja mwa anthu olemera kwambiri ndi m'nyumba zosungiramo zakale.

Ndiye Group A inasiyana bwanji?

Kuyambira 1987 galimoto yampikisano inayenera kuchokera pa galimoto imene yapangidwa yambiri, monga tafotokozera pa funso la homologation, ndipo mphamvu zinatsitsidwa kufika cha m'ma 300. Ambiri ankaganiza kuti kukoma kwatha. Koma kwa munthu wokonda kuyendetsa, iyi ndiyo nthawi yabwino kuposa zonse, chifukwa imene Kankkunen ankaulutsa Lamlungu inali m'bale weniweni wa imene inali m'shopu Lolemba: thupi lomwelo, injini yomweyo, difu pamalo omwewo.

Lancia ndi amene anali okonzeka. Delta HF 4WD, imene inadzakhala Integrale, inatenga chikho cha makampani zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, 1987 mpaka 1992, ndipo inapambana mipikisano 46. Miki Biasion anali katswiri mu 1988 ndi 1989, Kankkunen mu 1987 ndi 1991. Yapamsewu inkakula limodzi ndi yampikisano: mahosipawa 185 pa Integrale yoyamba, 200 pa ya mavavu 16, ndipo 210 ndi 215 pa Evoluzione ziwiri zomaliza. Kampani inkaipanga ya chiwongolero chakumanzere. Kwa ife ndi galimoto yokongola kuposa zonse za m'gululi, ngakhale kuti thupi lake linajambulidwa m'ma 1970 ngati kagalimoto ka banja.

Ford anabwera ndi Escort RS Cosworth mu 1992, imene pansi pake inali Sierra Cosworth yofupikitsidwa, ndipo François Delecour anapambana nayo Monte Carlo mu 1994. Nissan anayesa ndi Pulsar GTI-R koma sizinawayendere, mwa zina chifukwa intercooler yake inali pamwamba pa injini pomwe inkatentha. Mazda 323 yokoka ndi matayala anayi inapambana ku Sweden mu 1987. Mu 1997 malamulo atsopano a World Rally Car anachotsa kufunika kopanga zogulitsa zofanana ndi zampikisano, ndipo mtundu umenewu wa magalimoto unayamba kuchepa.

Nanga ku Africa magalimotowa ankachita bwanji?

Apa mbiri imakoma. Safari Rally ya ku Kenya, imene inayamba mu 1953, inali yosiyana ndi ina yonse. M'ma 1980 inkatalika makilomita pafupifupi 5,000, inkachitika nyengo ya Pasaka mvula ikuyamba, ndipo misewu sinkatsekedwa. Dalaivala ankatha kukumana ndi lole, basi, ng'ombe kapena mtsinje wosefukira. Magalimoto ankavekedwa zitsulo zotchinga kutsogolo ndi paipi yokokera mpweya yokwera mpaka padenga.

Zilombo za Group B zimene zinkaopsa ku Ulaya zinalephera kuno. M'zaka zonse za Group B palibe galimoto yokoka ndi matayala anayi imene inapambana Safari. Imene inalamulira ndi Toyota Celica Twin Cam Turbo ya timu ya Ove Andersson, galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo okha, yosavuta kukonza ndiponso yolimba. Björn Waldegård anapambana nayo mu 1984 ndi 1986, Kankkunen mu 1985, ndipo inapambananso katatu ku Côte d'Ivoire. Turbo inkaithandiza kwambiri kumapiri a Kenya, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu. Yokoka ndi matayala anayi inadzapambana koyamba mu 1987, Audi 200 Quattro ya Mikkola. Mu 1994 Ian Duncan, mwana wa ku Kenya komweko, anapambana ndi Celica GT-Four. Safari inachoka mu WRC itatha ya 2002 ndipo inabwerera mu 2021.

Kummwera kuno, Sarel van der Merwe ankayendetsa Audi Quattro m'mipikisano ya ku South Africa m'ma 1980. Zambia ili ndi mbiri yaikulu pa chikho cha Africa: Satwant Singh anachitenga kasanu ndi katatu, ndipo Muna Singh anachitenga mu 2004 ndi 2005 ndi Subaru Impreza. Kwa zaka zambiri mipikisano ya m'chigawo chino inkadzaza ndi Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution (Evo) za Group N, gulu limene limalola kusintha zinthu zochepa chabe pa galimoto ya m'shopu.

Kodi ndi zoona kuti Toyota inagwidwa ikubera?

Ndi zoona. Pofuna kuchepetsa mphamvu, FIA inalamula kuti pakamwa pa turbo pazikhala mphete yochepetsa mpweya, imene mu 1995 inali ya mamilimita 34. Pa Celica GT-Four ya mtundu wa ST205, timu ya Toyota ku Cologne inakonza zoti paipi ikamangidwa, mpheteyo izisuntha pang'ono n'kusiya mpata woti mpweya wina uzilambalala. Woyendera akamasula paipi, mpheteyo inkabwerera pamalo pake ndipo zonse zinkaoneka zolondola. Anazitulukira pa mpikisano wa ku Catalunya mu 1995. Kankkunen, Didier Auriol ndi Armin Schwarz analandidwa mapointi awo a chakacho, ndipo timu inaletsedwa kupikisana kwa chaka chimodzi.

Nkhaniyi isaphimbe zimene Celica GT-Four inachita mwachilungamo. Carlos Sainz anatenga nayo chikho mu 1990 ndi 1992, Kankkunen mu 1993, Auriol mu 1994, ndipo mu 1993 Toyota inakhala kampani yoyamba ya ku Japan kutenga chikho cha makampani.

Subaru Impreza ndi Mitsubishi Evo, yabwino ndi iti?

Funso ili lathetsa macheza ambiri. Zonse zinatuluka mu 1992, zonse ndi za malita awiri, turbo ndi matayala anayi, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zonse zinkalembedwa kuti zili ndi mahosipawa 280, malire amene makampani a ku Japan anagwirizana.

Subaru inkakonzedwa ndi Prodrive ya David Richards ku Banbury. Colin McRae anatenga nayo chikho mu 1995, kampani inatenga cha makampani kuyambira 1995 mpaka 1997, kenako Richard Burns mu 2001 ndi Petter Solberg mu 2003. Injini yake, EJ20, ili ndi masilinda ogona cham'mbali, awiri uku awiri uko, choncho kulemera kwake kuli pansi. Mitsubishi inali ndi Tommi Mäkinen, amene anatenga chikho zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999. Injini ya Evo, 4G63, ndi yachitsulo cholemera ndipo imapirira boost kuposa inzake. Kuyambira pa Evo IV panabwera AYC, difu yakumbuyo imene imatumiza mphamvu yambiri ku tayala lakunja pokhota.

Pamsewu Evo ndi yakuthwa: chiwongolero chake chimamvera msanga, mashoko ake ndi olimba, thanki yake ndi yaing'ono ndipo imatha petulo msanga. Impreza ndi yofewerapo ndipo imalola msewu woipa. Pa phula losalala lamakona ambiri tingasankhe Evo VI. Pa misewu imene ambirife timayendamo tsiku ndi tsiku, komanso poganizira kupezeka kwa masipeya, Impreza ili patsogolo.

Phokoso longa kuwombera mfuti limene magalimoto a rally amatulutsa limachokera kuti?

Limachokera ku anti-lag, njira yothetsera kuchedwa kwa turbo kumene tafotokoza pa funso lachiwiri. Dalaivala akachotsa phazi pamoto, kompyuta imachedwetsa kuyatsa kwa mapulagi ndipo mpweya wowonjezera umalowetsedwa, kotero petulo amakapsera mu ekizozi pafupi ndi turbo. Kuphulikako kumaisunga ikuzungulira, ndipo akapondanso moto mphamvu imakhalapo kale. N'chifukwa chake mumaona malawi kumbuyo. Evo zina ndi Celica ST205 ya mtundu wa WRC zinatuluka m'fakitale ndi mapaipi ake, koma osagwira ntchito, kungoti timu iloledwe kuwagwiritsa ntchito. Musaiyatse pa galimoto yoyendera: imadya turbo ndi ekizozi m'kanthawi kochepa.

Kulindima kwa Subaru ndi nkhani ina. Mapaipi a utsi ochokera mbali ziwiri za injini ndi otalika mosiyana, ndiye utsi umafika mosalingana. Kulira kwa Quattro kumabwera chifukwa cha masilinda ake asanu.

Bwanji mitengo yake yakwera chonchi?

Pali zifukwa zitatu. Magalimotowa sakupangidwanso, ndipo ambiri anatha ndi ngozi, dzimbiri kapena mipikisano. Ana amene ankaonera McRae ndi Mäkinen pa TV tsopano ndi akuluakulu andalama. Ndipo dziko la America limalola kulowetsa galimoto iliyonse ikakwanitsa zaka 25. Evo zoyamba ndi Impreza STi (mtundu wamphamvu kwambiri wa Impreza ya turbo yotchedwa WRX) ya m'ma 1990 sizinkagulitsidwa kumeneko, ndiye chaka chilichonse mtundu wina ukakwanitsa zakazo, ogula a ku America amakhamukira kumisika ya ku Japan. Zapadera monga Impreza 22B ya 1998, imene anapanga zongopitirira pang'ono 400, ndi Evo VI Tommi Mäkinen Edition ndizo zakwera kwambiri.

Kodi ndingagule yotere n'kumayendera kuno kwathu?

N'zotheka, makamaka za ku Japan, chifukwa chiwongolero chake chili kumanja ndipo zimabwera njira yomweyo imene magalimoto ena akale amadzera, monga padoko la Dar es Salaam. Koma werengerani bwino. Msonkho umakwera galimoto ikakhala yakale, ndipo izi ndi zakale zonse. Masipeya ambiri muzichita kuitanitsa kunja. Yapamsewu si yokwera ngati ya Safari ija, ndipo bampala ya Evo imakhula pa hampu iliyonse.

Nkhani yaikulu ndi petulo. STi ndi Evo zogulitsidwa ku Japan zinakonzedwera petulo wa okuteni pafupifupi 100 (okuteni ndi muyeso wa momwe petulo amapirira kupanikizidwa osaphulika msanga), pamene wa m'mapampu a m'chigawo chino ndi wotsikirapo. Mukaponda moto kwambiri kukutentha, petulo amaphulika nthawi yake isanakwane, ndipo zimenezi zimaswa mapisitoni ndi mabeya. Munthu wodziwa ayenera kukonza kompyuta ya injini kuti igwirizane ndi petulo wathu musanayambe kuithamangitsa. Ngati mukufuna yoyambira, WRX wamba, Subaru Legacy kapena Forester ya turbo zimapereka kukoma kofanana pamtengo wotsika.

Ndidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni, osati Lancer wamba yovekedwa phiko?

Musayang'ane phiko kapena zomata. Tsegulani boneti muwerenge nambala ya chasisi. Evo I imayamba ndi CD9A, Evo II ndi III ndi CE9A, Evo IV ndi CN9A, Evo V ndi VI ndi CP9A, ndipo Evo VII mpaka IX ndi CT9A. Celica GT-Four ndi ST165, ST185 kapena ST205. Pulsar GTI-R ndi RNN14. Pa Subaru samalani kwambiri, chifukwa GC8 imayimira WRX wamba ndi STi yomwe. Chosiyanitsa ndi nambala yachiwiri ya pa kachitsulo ka m'chipinda cha injini, imene imanena mtundu weniweni, injini ndi giyabokosi. Nambala ya pa kachitsuloko ifanane ndi yodindidwa pathupi la galimoto ndi ya pamapepala. Ngati yachokera kumsika wa ku Japan, funsani pepala limene oyendera a kumsikako analemba, chifukwa limanena ngati inachitapo ngozi.

Zimawonongeka malo ati kwambiri?

Yambani ndi dzimbiri, chifukwa injini imakonzeka koma thupi lodyeka limadula kuposa galimoto. Zochokera ku Britain ndi kumpoto kwa Japan zinayenda pamisewu yothiridwa mchere. Pa Impreza yang'anani pamwamba pa matayala akumbuyo ndi pamene mashoko amamangidwa, chotsani ndithu kapeti ya m'buti. Pa Evo gwadani muone zitsulo zapansi zakumbuyo. Integrale imadyeka paliponse, komanso imang'aluka m'makona a galasi lakutsogolo.

Injini iliseni ili yozizira, osalola kuti wogulitsa aitenthetseretu. Kugogoda kwa pansi kumene kumakula mukaponda moto ndi mabeya, ndipo injini yotero yatsala pang'ono kunoka. Utsi wabuluu galimoto itaima kanthawi ikulira umaloza ku turbo yotha. Thovu loyera pansi pa chotsekera oyilo, kapena madzi ochepa mu radiyeta, zikhoza kutanthauza gasiketi. Funsani kuti lamba wa timing anasinthidwa liti, chifukwa pa EJ20 ndi 4G63 akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Pa Evo, kulira kwa kumbuyo pokhota pang'onopang'ono ndi AYC. Pa ST205 zida za miyendo yakutsogolo zimatha msanga ndipo n'zodula.

Mukaigula, sinthani oyilo pa makilomita 5,000 alionse ndipo muzithira wabwino. Musaithamangitse isanatenthe. Mukachoka kothamanga, yendani pang'onopang'ono mphindi zingapo musanazimitse, kuti oyilo asapserere mu turbo. Matayala onse anayi akhale a mtundu umodzi ndi otha mofanana, apo ayi difu yapakati imavutika. Pachifukwa chomwecho, ikafa pamsewu inyamulidwe yonse palole, osaikoka matayala awiri ali pansi.

Kodi ndiwonjezere boost kuti ikhale yamphamvu?

Malangizo athu ndi akuti ayi, makamaka ngati njira yake ndi kachipangizo kotchipa kopusitsa wastegate. Mpweya ukachuluka petulo osawonjezeka, moto wa m'silinda umatentha mopyola ndipo pisitoni imasungunuka. Onjezani pamenepo petulo amene tamutchula pamwambapa ndi kutentha kwa mu October. Impreza ndi Evo zambiri zimene zagona m'magaraja zinafa imfa imeneyi. Komanso yosasinthidwa ndi imene ogula akuifuna lero, ndipo imagulitsidwa mokwera kuposa yosinthidwa.

Mahosipawa 240 kapena 280 pa galimoto ya makilogalamu pafupifupi 1,250 ndi ambiri kale. Galimoto ya zaka 25 nthawi zambiri imakhala itataya kukoma kwake chifukwa cha zinthu zotha, osati kuchepa kwa mphamvu. Ndalama zoyamba zipite ku matayala abwino, mabuleki ndi madzi ake, mashoko, mabushi a rabala, pampu ya petulo yatsopano, radiyeta ndi mapaipi onse a mpweya amene ang'aluka ndi ukalamba. Mukamaliza zimenezo mukadafunabe mphamvu, pitani kwa munthu amene ali ndi chipangizo choyezera kuchuluka kwa petulo mu utsi ndi chomvera kugogoda kwa injini, akonze kompyuta galimoto ili ndi petulo yemweyo amene muzithira tsiku ndi tsiku.